Zaka Makumi Atatu Binwelo Ali pa Gadi

Sunthirani mbaulayo pakati, a Sikelo, musaikumbatire nokha ngati munagula ndinu makalawo. Mphepo ya Juni ikutiluma tonse. Ndipo inu a Dzonzi, mwandiseka mokwanira. Mukuti ndi msilikali wanji woyenda ndi jombo zafumbi ngati wogula mbuzi m'midzi? Chabwino, mwaiputa nokha. Masitolo tikulonderawa sathawa. Khalani pansi ndikuuzeni chifukwa chake jombo izi sindizipukuta, koma wina asandidule pakamwa.

Ine Yotamu Likongwe ndinalowa usilikali ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki anatitumiza kukalondera njanji yopita ku Nakala kuti zigawenga zisamaiphwasule. Ntchito yake inali yotopetsa kuposa kuopsa. Munkakhala pamlatho umodzi masabata atatu, mukudya nyemba zam'chitini, mukulimbana ndi udzudzu, mdani osamuona ngakhale mmodzi. Kenako tsiku lina mdaniyo ankabwera, ndipo munkayamba kuulakalaka udzudzu uja.

Kumeneko ndiko ndinapalana ubwenzi ndi Binwelo Matewere, Mlomwe wa kuseri kwa Jali ku Zomba. Anali wamtali, wa mpata m'mano, wosakonda zolankhulalankhula. Munthu ameneyu anali ndi matenda amodzi okha, polishi. M'tchire muja, matope ofika m'mawondo, iye m'mawa uliwonse jombo zake zili waliwali. Akamaliza zake ankatenga zanga, uku akundinyoza kuti Angoni timangodziwa nyama ndi mowa. Akatha kupukuta, bulashi ankaisiya m'jombo ya kumanzere. Nthawi zonse ya kumanzere. Nditamufunsa anati anamuphunzitsa ndi mkazi wake Esinala, chifukwa kunyumba ankangoitaya n'kumavutitsa anthu kuti amufunire.

Tsiku lina tikusenda chinangwa kuseri kwa msasa, anangoyamba yekha.

"Yotamu, kwathu munthu akafera kutali thupi osapezeka, amaika thunthu la nthochi m'manda. Koma nthochi si munthu. Mwini wakeyo amatsala komwe anagwera, njira yakwawo osaidziwa. Ndiye pamafunika wina atape dothi pamalopo, amuitane dzina, n'kunyamuka naye. Pamtsinje uliwonse uzimuuza kuti tikuoloka, apo ayi atsalira kutsidya. Ndipo dothilo sulowa nalo m'nyumba mwako. Ukangolowa nalo, iye aziyesa kuti wafika."

"Ukundiuziranji zimenezi?" ndinatero.

"Chifukwa ndiwe waulesi. Ndikufuna uyambiretu kukonzeka."

Tinaseka, n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Tsono pali chinthu china chimene muyenera kuchimvetsa, inu alonda a masiku ano amene mumasiya geti n'kupita kukagula mandasi. Msilikali akamuika pa gadi sachoka. Kaya kugwe mvula ya matalala, kaya m'mimba mwatentha, amaima pomwepo mpaka mnzake abwere, aime patsogolo pake, amufunse mmene malo alili, n'kumuuza kuti ndakulandira. Mawu amenewo asanamveke, iwe ndiwe wa pamalopo. Amatikhomera zimenezi kumaphunziro mpaka zimalowa m'mafupa.

Unali mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa tsiku lachinayi osapuma, mtsinje utadzaza mpaka kunyambita zitsulo za mlatho. Binwelo anali pa gadi kumutu kwa mlathowo kuyambira thu koloko, ine ndimayenera kumulandira folo koloko ya m'bandakucha. Ndinadzuka nthawi yabwino, musayese kuti ndinagonereza. Ndinayenda mpaka ndinafika pomwe anali. Koma ndinali ndikunjenjemera ndi kuzizira, ndipo podutsa kumsasa ndinali nditaona wina atatereka tiyi.

"Binwelo, ndipatseko mphindi khumi ndikamwe tiyi. Usachoke mpaka ndikulandire."

"Ndichoke ndipite kuti? Thamanga, waulesi iwe. Undibweretsereko wanga."

Mphindi khumi zija zinasanduka makumi atatu. Pamoto pamakoma, a Sikelo, inu ndinu mboni. Kapu ili m'manja, kunamveka kugunda kumodzi kokha, nthaka inadumpha, tiyi yense anathera pamalaya. Zigawenga zinali zitatchera bomba kunsi kwa mlatho. Pothamangira kumeneko tinapeza mutu wa mlatho palibe, madzi okhaokha akuwinduka.

Tinamufunafuna masiku atatu m'mabango monse. Madzi anali atapita naye. Ndipo pa pepala la sajeni, dzina lolembedwa pa ola limene bombalo linaphulika silinali Matewere. Linali Likongwe.

Ndinachita zimene anandiuza. M'chikwama chake munali kachitini ka polishi kotsala pang'ono kutha, pamodzi ndi bulashi ija. Ndinapita pamtunda pomwe ankatembenukira poyenda gadi, ndinatapa dothi lonyowa n'kudzaza kachitiniko. Ndinati, "Binwelo Matewere, ndine Yotamu, tiye kwanu." Atandipatsa tchuthi ndinakwera sitima kachitini kali m'thumba la pachifuwa, ndipo pamtsinje uliwonse ndinkawerama n'kunong'ona kuti tikuoloka. Sindinadumphe ngakhale kamtsinje kamodzi.

Pa Liwonde ndi pomwe ndinalakwira. Pamenepo ndimayenera kutsika n'kukwera basi ya ku Zomba. Ndinaimirira ndithu, chikwama paphewa. Koma ndinangoona m'maganizo mkazi amene sindinamuonepo, mwana wa miyezi isanu ndi itatu kumsana, akundifunsa kuti, nanga inu munali kuti? Ndinakhalanso pansi. Sitima itakwera mlatho ndinanong'onanso kuti, "Tikuoloka Shire," ngati ndikuchita zabwino, chonsecho ndikupita naye kwathu kuno ku Balaka. Nditafika ndinalowa nako m'nyumba, ndinakaika pamwamba pa khoma kuseri kwa phaso, n'kunena kuti mawa. Zengerezu analinda kwawukwawu. Tchuthi chinatha, ndinabwerera kunjanji, kachitini kali pomwepo.

Woyamba kuzindikira anali akazi anga, aNangozo. Nditabweranso patapita miyezi isanu, tisanathe n'kulonjerana komwe, anandifunsa.

"Kodi aboma ayamba kutumiza alonda m'makomo mwa asilikali?"

"Alonda anjinso?"

"Pali munthu amayenda panjapa kukangoda. Amachokera pankhokwe kukafika pamtengo wa mango, n'kuima, n'kutembenuka. Ndawerenga, mapazi ake ndi khumi kupita, khumi kubwera. Ndikasuzumira sindiona munthu. Koma galuyu sauwa."

Galu wathu anali Akuonenji, galu woipa mtima amene analumapo ndi abusa omwe. Madzulo amenewo ndinamuona atagona pakati pa nkhokwe ndi mango, mutu wake ukutembenuka pang'onopang'ono kutsatira chinthu, uku mchira ukumenya pansi. Ndinauza aNangozo kuti ndi mbewa za m'nkhokwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupita kukapala moto.

Nkhondo itatha ndinapuma usilikali n'kubwerera kumudzi. Jombo ndinaziponya kuseri kwa chitseko zili ndi matope a m'njira, ndikuti sindidzazivalanso. Kutacha ndinazipeza pakhonde, zitaima moyandikana, zikuwala. Ndinayamba kukalipira ana kuti ndani akuseweretsa zinthu zanga. Ana anangoyang'anana. Nditanyamula ya kumanzere ndinamva kanthu kakugubuduka mkati. Bulashi ija ndinali nditaikiyira m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi, kiyi ali m'khosi mwanga. Pakhonde ponse pankanunkhira polishi, ndi kafungo kena ka matope a kumtsinje, chonsecho unali mwezi wa Okutobala, mvula isanadonthe n'kamodzi komwe.

Zinayamba kuchuluka pang'onopang'ono. Pakati pa nkhokwe ndi mango panapangika kanjira, udzu osamerapo ngakhale dzinja. Mlamu wanga Gedisoni anabwera tsiku lina chisisira chitagwa, anafika akukankha njinga m'malo moikwera.

"Alamu, mwalemba mlonda osatiuza?"

"Mwaona chiyani?"

"Pamango paja wina wandiimitsa. Wati, ima, ndani? Ndatchula dzina. Wakhala chete, kenako wati dutsa. Nkhope sindinaione, ndi wamtali zedi. Ndangoona nsapato."

Gedisoni sanagone kwathu usiku umenewo, ndipo kuyambira pamenepo ankabwera masana okhaokha. Anthu a m'mudzi anasiya kudutsa njira ya kuseri kwa nyumba yathu dzuwa likalowa. Ena ankati Likongwe anabwera ndi mankhwala kuchokera ku Mozambiki. M'mudzi monse ankaba nkhuku, mbuzi, ngakhale mapoto pathandala, koma kwathu sikunasowepo ngakhale dzira.

Mukuganiza kuti ndinkaopa? Ndinaopa sabata imodzi yokha. Pambuyo pake, ndinene zoona, ndinayamba kukondwa.

Inu simudziwa mmene zimakhalira munthu ukabwera kunkhondo. Anthu amakufunsa tsiku loyamba kuti unapha angati, tsiku lachiwiri amakupempha fodya, tsiku lachitatu aiwala. Iwe nkhondoyo ikadali m'mutu. Mwana akagwetsa mbale ndinkapezeka ndili pansi pa tebulo, ana anga omwe n'kumandiseka, kenako n'kumandiopa. Kutchalitchi ndinkakhala pafupi ndi khomo. Palibe amene ndikanamuuza za mlatho uja. Koma ndikagona n'kumva mapazi aja panja, khumi kupita, khumi kubwera, mtima unkakhala pansi. Ndinkadziwa kuti pali wina ali maso amene anaona zimene ndinaona. Ndinkagona tulo ngati mwana.

Ndinayamba kukhala pakhonde madzulo n'kumamuuza nkhani. Ndinkamuuza mitengo ya feteleza, za chisankho, za sajeni wathu uja kuti wamwalira ndi shuga ku Mzimba. Sankayankha. Koma ndikafika pamalo oseketsa mapazi ankaima pang'ono, n'kuyambiranso. Kwa ine zinali zokwanira.

ANangozo anapirira zaka zambiri. Tsiku lina akupeta mphale anangolankhula osandiyang'ana.

"Amati mlendo ndi mame, koma mlendo wanuyu dzuwa likumulephera. Kachitini kali pakhomako ndinakaona kalekale. Munthuyo ali ndi kwawo, abambo. Ali ndi omulira."

"Ndidzapita tikakolola."

"Mwakolola kangati chinenereni zimenezo?"

Tinakolola kambirimbiri. Denga la udzu tinachotsa n'kuika malata, kachitini ndinangokasunthira pakhoma latsopano. Akuonenji anafa ndi ukalamba, tinaweta galu wina, nayenso ankagona malo omwewo mchira ukumenya pansi. Ana anakula n'kubalalikira m'matauni. Kenako aNangozo anadwala miyezi iwiri, n'kundisiya. Anthu a pamaliro atabalalika, m'nyumba monse munatsala ine ndekha, ndi mapazi aja panja. Ndikanamupereka bwanji pamenepo? Ndiye anali yekhayo wonditsalira.

Zitakwana zaka makumi atatu chiphulikire mlatho, tsiku lina masana dzuwa lili paliwombo, ndinamva odi. Anali mayi wachikulire, ambulera yakuda m'manja, diso limodzi litachita ng'ala. Fumbi la kumapazi kwake linkaonetsa kuti wayenda kuchokera kumsewu. Ndinamuyalira mphasa pakhonde, ndinamupatsa madzi. Anamwa pang'onopang'ono, n'kuika kapu pansi.

"Ndinu a Yotamu Likongwe?"

"Ndine."

"Ine ndine Esinala, wa kwa Matewere."

A Dzonzi, bomba lija silinandigwedeze ngati mawu amenewo.

Analankhula modekha, osandiyang'ana kumaso. Anati uthenga utafika anaika thunthu la nthochi, anameta, anamusudzula. Patapita zaka anakwatiwa ndi telala wina, munthu wabwino, anabereka naye ana anayi, nayenso anamwalira. Moyo anauyenda ngati wina aliyense.

"Koma zaka zonsezi ndimawalota bambo a Lute, anzanu a kunkhondo aja. Kale zinkabwera kamodzi pachaka, tsopano ndi usiku uliwonse. Amaima panja pamvula, atanyowa, atandifulatira. Ndikati lowani m'nyumba, amangoti, sanandilandire. Sindinkamva tanthauzo lake. Mkulu wina wa kumpingo kwathu amene anali msilikali ndiye wandimasulira. Wati funsani amene ankayenera kumulandira pa gadi. Ine dzina ndinali nalo kale. M'makalata awo munkangokhala inu nokhanokha, Yotamu wachita chakuti, Yotamu ndi waulesi."

Anamwetulira pang'ono ponena zimenezo.

"Mayi, pepani. Zaka zapita zambiri. Mwamuna wanu ndinkamudziwa, koma za maloto ine sindingazithe."

Ndinanama choncho, ine, bambo wa imvi, kachitini kali pakhoma kumbuyo kwanga.

Esinala anatembenuza mutu kuti diso labwinolo lione bwino, ndipo linagwera pa jombo zili pakona pa khonde. Anakwawa ndi mawondo mpaka pomwepo. Sanagwire ya kumanja. Anapisa dzanja m'ya kumanzere, n'kutulutsa bulashi. Anaiyang'ana, anainunkhiza, anaigwira pachifuwa ndi manja onse awiri. Kenako anaibwezera momwe anaipeza, n'kutembenukira kumtengo wa mango, komwe kunalibe munthu.

"Bambo a Lute, ndabwera. Lute ali ndi ana atatu tsopano. Woyambayo ali ndi mpata wanu m'mano. Amayi anu anapita, anagona pafupi ndi nthochi ija. Ine maso akutha. Ndimafuna ndione pomwe mwagona ndisanaleke kuona."

Kunalibe mphepo, koma galu anadzuka n'kukhala tsonga.

Anatola ambulera yake. Ndinati adikire ndiphike, anakana. Pofika pampanda anacheuka.

"Sindinabwere kudzaimba mlandu, achimwene. Zakunkhondo ine sindizidziwa. Koma inu mwakhala nawo zaka makumi atatu. Ine ndinakhala nawo ziwiri."

Madzulo amenewo sindinakhale pakhonde. Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko ngati ndili ndi mlandu ndi boma. Mapazi anayamba nthawi yake. Koma kwa nthawi yoyamba ndinawamvetsera bwinobwino, osati ngati nyimbo yondigonetsa. Sanali mapazi a mnyamata uja. Phazi limodzi linkakhwekhwereza. Potembenuka chidendene sichinkagundanso mwamphamvu ngati kale. Ndinadzifunsa kuti zayamba liti zimenezi, ndipo sindinadziwe. Munthu zaka makumi atatu osakhala pansi, ine n'kumagona tulo tabwino.

Ndinayamba kuwerenga. Khumi kupita kumango, mbali ya kumsewu komwe analowera Esinala. Pamenepo anaima nthawi yaitali. Kenako ndinamva phazi lina, lakhumi ndi chimodzi. Panakhala chete, chete weniweni. Ndiye phazi lija linabwerera m'mbuyo, chidendene chinatembenuka, khumi kubwerera kunkhokwe. Ulendo wotsatira chimodzimodzi, phazi limodzi kupyola mango, n'kulibweza. Usiku wonse.

Apo ndi pomwe ndinazindikira. Sankandilondera chifukwa chondikonda ayi. Kapena ankandikonda, kaya. Koma chimene chinamumanga chinali pakamwa panga. Ndinamuuza kuti usachoke mpaka ndikulandire, ndipo Binwelo Matewere sanathawepo pa gadi chibadwire. Ndinalira usiku umenewo kuposa mmene ndinalirira pamaliro a akazi anga, Mulungu andikhululukire.

Kutacha ndinavala jombo zija, koyamba chipumire usilikali. Ndinatsitsa kachitini, kanali kozizira ngati katuluka m'madzi. Ndinati, "Binwelo, ndine Yotamu. Kuno si kwanu, ndinakunamiza. Tiye."

Ndinakwera minibasi pa Balaka pano, mpando wakumbuyo. Tinalipo atatu pampandopo, pakati pa ine ndi zenera pali malo. Mukudziwa makondakitala mmene amapanikizira anthu ngati matumba a makala. Koma uyu anasuzumira, anatiwerenga ndi chala, n'kunena kuti kumbuyo kwakwana, anayi. Mayi amene anali pambali panga anayang'ana malo aja, anayang'ana ine, n'kukokera mwana wake pamiyendo. Palibe anakhalapo mpaka ku Zomba.

Pamlatho wa Liwonde ndinatulutsa kachitini n'kunena mokweza, manyazi ndinali nditawasiya kunyumba.

"Binwelo, tikuoloka Shire. Ulendo uno tikulowera koyenera."

Anyamata awiri kutsogolo anayamba kuseka kuti mdala wayamba misala. Dalaivala, bambo wachikulire, anazimitsa wailesi.

"Tasiyani phokoso inu. Simukuona kuti tanyamula maliro?"

Kuchokera pamenepo ankachepetsa liwiro pakamlatho kalikonse, n'kunditchulira dzina la mtsinje kuti ndisaphonye.

Ndinafika kumudzi kwa Matewere dzuwa litapendeka. Esinala anali pakhonde akusankha nandolo, ngati ankadziwa. Sanafunse kanthu. Anatumiza uthenga kwa mng'ono wake wa Binwelo, amene tsopano ndiye mwini mbumba, ndipo posakhalitsa abale ndi adzukulu okumba manda anasonkhana. Tisananyamuke ndinapempha chinthu chimodzi, kuti Esinala aphike tiyi wa shuga wambiri, andithirire m'kapu. Anthu anadabwa, koma anaphika.

Kumanda, mtumbira wa nthochi uja unali wosesedwa bwino, ngakhale kaudzu. Ndisanatsegule kachitini ndinawauza onse zimene ndakuuzanizi, za tiyi, za mphindi khumi, za pepala la sajeni, za pa Liwonde. Ndinayembekeza kuti wina anditukwana, mwina zikanandipepukira. Palibe anatero. Mng'ono wake uja anangoti, "Thirani dothilo, akulu."

Adzukulu anakumba kadzenje kumutu kwa mtumbira. Ndinathira dothi, linali likadali lonyowa ngati ndalitapa dzulo. Anakwirira. Azimayi anayamba nyimbo. Koma nyimboyo sinapite patali, inazima yokha mmodzimmodzi, chifukwa m'masamba ouma a m'mphepete mwa manda munayamba kumveka tswa, tswa, tswa. Khumi kupita. Kuima. Khumi kubwera. Aliyense anamva. Mdzukulu wina anagwetsa khasu. Esinala anandiyang'ana ndi diso lake limodzi lija.

Dothi linali litafika kwawo, koma gadi inali isanathe.

Ndinatenga kapu ya tiyi, ndinayenda mpaka kumapeto kwa mapaziwo, n'kuima patsogolo pake mowongoka, mmene msana wokalambawu unandilolera.

"Pulayiveti Matewere."

Masamba anasiya kulira.

"Malo ali bwanji?"

Sindinamve mawu. Kunangobwera kafungo ka polishi ndi madzi a mtsinje wodzaza, pafupi kwambiri, ngati munthu waima mphuno ndi mphuno. Ndinaika kapu pansi.

"Tiyi wako uyo. Ndachedwa, mbale wanga, wazizira. Ndakulandira. Pita ukapume."

Panapita kanthawi. Kenako tinamva mapazi, osati khumi ayi, ankangopita, pang'onopang'ono, phazi limodzi likukhwekhwereza, kudutsa pakati pa anthu mpaka pamtumbira. Anthu anapatuka okha. Pamenepo panamveka ngati munthu wotopa wakhala pansi mwamphamvu. Kenako kugwa kwa jombo imodzi. Patapita nthawi, inzake.

Esinala ndi amene anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa maliro atsopano, akuitana dzina limene anasiya kulitchula ali mtsikana. Abale anamugwira n'kubwerera naye kumudzi. Ine ndinakana kuchoka. Ndinali nditalandira gadi, ndipo ola langa lija ndinali ndisanaliimepo. Ndinaima pomwepo mpaka kunacha, ndipo m'manda monsemo simunamvekenso kanthu, koma nkhululu zokha.

Bulashi ndinamusiyira Esinala. Anaona pomwe mwamuna wake wagona miyezi isanu ndi iwiri diso linalo lisanatseke. Anamwalira chaka chathachi, ndipo Lute ananditumizira uthenga kuti bulashiyo anawaikira m'bokosi la maliro, monga anapempha okha.

Kwathu ndinapeza kuli zii. Mvula yoyamba itagwa, pakanjira paja panamera udzu. Mwezi usanathe anandibera nkhuku zitatu, ndipo ndinaseka ndekha pakhola ngati wopenga. Galu ankangozungulira mtengo wa mango akulira, kenako anasamukira kwa aneba. Tulo tinatha. Ndinkagona chagada kumvetsera, osamva kanthu, mpaka tambala. Ndinachita bwino kumupereka, ndikudziwa, musandiuze. Koma ndimamusowa, anzanga. Ndimamusowa kuposa mmene ndinkamusowera atangofa, chifukwa nthawi imeneyo sanapite. N'chifukwa chake ndinabwera kudzapempha ntchito ya ulonda ndili ndi imvi zonsezi. Ngati sindigona, bola ndisagone pamodzi ndi anthu, ngakhale anthu ake akhale inu.

Ndiye mukuti ndigule polishi, a Dzonzi. Ndikazipukuta ndekha, ndidzadziwa bwanji tsiku limene wabwera? Pa gadi ndilipo ine tsopano. Wodzandilandira ndikumudziwa, ndipo iye sachedwa ngati ine. M'mawa uliwonse ndikaweruka ndimavula jombozi, ndimaziika pakhonde zili ndi fumbi lake, n'kukagona. Ndikadzuka, ndisanasambe n'kumaso komwe, ndimayamba ndapisa dzanja m'ya kumanzere.